Ana Anga Pansi pa Thandala la Usipa

Zinayamba ndi kabudula wa Yamikani. Ndikuchapa m'mawa wina ndinaona kadontho kofiira kutsogolo kwake, kakang'ono ngati pamene waphwanyirapo udzudzu wokhuta. Ndikanakhala munthu wanzeru, nkhani ino ikanathera ku chipatala tsiku lomwelo, popanda wina aliyense wa kuno ku Malindi kundiloza chala. Koma ine ndili ndi foni.

Yamikani ndi mwana wanga woyamba, ali Sitandade 3. Mlongo wake Tadala ali Sitandade 1. Ine mayi wawo ndinalekezera Sitandade 6, ndipo ndine wamantha, ndivomere pachiyambi pomwe. Mwana akatsokomola ndimamugwira pamphumi, akapanda kutsokomola ndimamugwirabe kuti ndione chimene chamukhalitsa chete. Ndiye kadontho kaja nditakaona, ndinasiya zochapa zili m'beseni ndi kuyamba kumulondalonda mwanayo mpaka pamene anapita kuseri kwa nyumba kukataya madzi.

"Amayi, mukundionatu!"

"Ndikufuna nkhuku yanga ine, iwe pitiriza."

(Nkhuku tilibe. Zinatha ndi chitopa.)

Ndinaona. Kumapeto kwa mkodzo kunatsika magazi, madontho ofiira pamchenga woyera.

Ndinathamangira kwa bambo ake, amene anali pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Amake Yami, ndi likodzo limenelo. Mwana wamwamuna wa kunyanja aliyense amadutsamo. Ine ndinakodza magazi mpaka ndinamera ndevu, kodi ndinafa? Ndiye kuti mwana akukula."

"Akukula potaya magazi? Ndi thumba lanji limene limadzaza likudontha?"

"Inu mantha anu adzakupatsani bipi."

Mwamwayi, kapena ndinene mwatsoka, sabata yomweyo Yamikani anabwera kuchokera ku sukulu ndi uthenga. Akuti Lachinayi kukubwera alangizi a zaumoyo kudzapereka mankhwala a likodzo kwa ana onse, ndipo aliyense abwere atadya mokhuta. Ndinati Mulungu wandiyankha ndisanagwade n'komwe.

Mtendere wangawo unatha tsiku lotsatira, pamene m'gulu lathu la pa foni la amayi a kwaya munagwa voisi. Sanali munthu wa m'gulu lathu, anali mayi wina wosadziwika, wina anangotitumizira. Mawu ake ankanjenjemera ngati akuchokera pamaliro. Amati, azimayi anzanga, musafunse kuti ndine ndani, ingomvani. Mankhwala akubwera m'masukuluwa ndi owumitsa kubereka. Ana akamwa akumagwa pomwepo ngati nthochi. Nanga simukuona kuti asanawapatse akumawaimika pa mtengo n'kuwayeza msinkhu? Munthu wamoyo amamuyeza msinkhu ndi mtengo kuti atani? Ndani amayeza anthu ndi mtengo ngati si wokhoma bokosi la maliro?

Mawu a bokosi aja sanandichoke m'mutu.

Gulu linagawikana. Ena amati ndi bodza, ana athu anamwa chaka chatha ndipo ali bwinobwino. Ena amati chaka chatha chomwecho mwana wa uje anasanza mpaka anamunyamula pa njinga. Ena amati asintha mankhwala, a chaka chino ndi ena. Aliyense amalankhula ndi mtima wonse, ndipo ine ndimakhulupirira amene walankhula pomaliza.

Apa ndiye pamene kunyada kunandilowa. Ndinadziuza kuti ine si munthu womangomva za m'maluwa ngati anzangawa. Ine ndinapitako ku sukulu, foni yanga ndi yotsetsereka ndi chala, mlamu wanga wa ku boma anandisiyira ndipo anandionetsa kabokosi kamene umalembamo funso n'kuyankhidwa. Ndifufuza ndekha. Ndinagula bandulo, ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi (kwathu kuno netiweki imakhala pa chulu chimenecho basi, ukatsika yatsala pomwepo), ndinaima ngati mbuzi yoyang'ana mwini wake, n'kuyamba ntchito.

Ndinayamba kulemba m'Chichewa. Zinabwera zochepa, zina za nyimbo, zina sindinazimvetse. Ndiye ndinatulutsa Chingerezi changa cha Sitandade 6, chimene chinali chitachita dzimbiri ngati mbedza yotayidwa. Dzina la likodzo la Chingerezi ndimalidziwa, ndinaliwerengapo pa chipupa cha ku sikelo. Ndinalumikiza mawu anga motere: mankhwala a likodzo, kupha, ana, sukulu.

Mwaona chimene ndinachita? Ine sindinachione. Sindinafunse kuti mankhwalawa amatani. Ndinalemba mantha anga onse m'kabokosimo ndi kuwatcha funso. Zili ngati kupita kwa sing'anga wadyera n'kunena kuti, akulu, ndikuganiza kuti azakhali anga ndi amene akundilodza. Iye angakane? Agwedeza nsupa yake n'kunena kuti ee, ndikuwaona azakhali anu, avala chitenje chobiriwira.

Foni inagwedeza nsupa yake. Inanditulutsira mndandanda wautali, ndipo ine ndimangosankha mawu amene ndimawadziwa, ndipo (izi ndazizindikira pambuyo pake) mawu a Chingerezi amene ndimawadziwa bwino ndi a zoopsa okhaokha: imfa, ngozi, chipatala, magazi. Mawu ena onse apakati, aatali aja, ndimangowadumpha ngati matope. Sindinatsegule nkhani ndi imodzi yomwe kuti ndiiwerenge. Ndimangoona mitu, mtima n'kumakwera.

Kenako ndinaona vidiyo. Pa chithunzi chake panali ana a sukulu atagona pansi. Ndinaidina.

Sukulu yake ngati yathu yomwe, mitengo ya mango, mchenga, mayunifomu abuluu. Amalankhula Chiswahili, chimene ine ndimadziwapo moni yekha. Bambo wina wovala chovala choyera waimika mwana pa mtengo woyezera. Mtengo uja! Wamupatsa mapiritsi, mwana wameza, wayenda pang'ono, wagwira pamimba, wazungulira, khu, pansi. Wina naye khu. Kenako mayi wina watulukira akuthamanga, manja ali kumutu, akukuwa, wagwira ana ake awiri n'kuyamba kuwakoka, ndipo pomwepo chithunzi chinaima, pakati panabwera kagudumu kaja kamene kamangozungulira netiweki ikathawa.

Ndinadikira pang'ono. Kagudumu kakuzungulirabe. Ndinakweza foni m'mwamba, ndinatembenukira ku mapiri, ndinatembenukira ku nyanja, ayi ndithu. Ndiye ndinati, ndikudikiranji? Ndione maliro ake? Zimene ndaonazi zakwana.

Ndisanatsike pa chulu ndinaitumiza vidiyo ija ku gulu la kwaya, ndi kuwonjezerapo voisi yangayanga. Ndikuikumbukira liwu ndi liwu chifukwa anthu akhala akundiseweretsera mpaka lero. Ndinati: "Azimayi anzanga, ine sindinamve kwa munthu ayi. Ine ndafufuza ndekha pa intaneti. Ndafufuza. Onani ndi maso anu."

Ndipo kwathu kuno, poti netiweki ndi ya pa chulu, aliyense amene anaitsegula anaona chiyambi chomwecho, mwana khu, wina khu, mayi akukuwa, kenako kagudumu. Palibe anafika kumapeto. Amene amakayika anasiya kukayika. Amake Joyi, amene timaimba nawo mawu achiwiri, anandiyankha kuti, "Amake Yami, mwapulumutsa mudzi." Ndinayenda tsiku limenelo khosi lili m'mwamba ngati kakowa.

Bambo a Yami nditawaonetsa anangoti, "Mwana wachiwiriyo wagwa bwino kwambiri. Wayamba wayang'ana pogwera." Ndinawayankha kuti mtima wawo ndi wa mwala, ndipo anapita kunyanja.

Lachinayi linafika. Nzeru yanga yoyamba inali iyi: poti anati ana abwere atadya, ndiye kuti mwana wosadya sangamupatse. Choncho sindinakoleze moto. Ana anadzuka akuyang'ana mafuwa ozizira, Tadala n'kufunsa ngati kuli kusala. Nzeru yachiwiri inabwera nditakumbukira kuti ana akajomba ambiri, aphunzitsi amatuma a Sitandade 8 kuzungulira m'makomo kukawatenga. M'nyumba ndiye muyambira kuyang'ana. Kubafa ayang'ananso. Ndinaima pakhomo maso akuthamanga uku ndi uku, mpaka anagwera pa thandala la Abiti Saidi.

Abiti Saidi ndi mnansi wathu, mayi wachikulire wa geni ya usipa. Thandala lawo, lija amayanikapo nsomba, ndi lalitali ngati khonde la sukulu, ndipo m'mawa umenewo anali atangoyala usipa wauwisi n'kuchokapo. Ndinawalowetsa ana pansi pake, ndinatchinga m'mbali ndi neti yakale ya udzudzu ndi zitenje ziwiri.

"Mukhale chete. Wina akaitana dzina lanu, musayankhe. Ngakhale atakhala ahedi."

"Amayi, mukudontha madzi onunkha," anatero Tadala.

"Ndi bwino kununkha uli moyo."

"Nanga tidya liti?" anafunsa Yamikani.

"Ndikabwera."

Ndikanangokhala pakhomo n'kumalondera ana anga, manyazi akanakhala a banja lathu lokha. Koma wopulumutsa mudzi sakhala pakhomo. Ndinamanga chitenje, ndinatenga foni, ulendo ku sukulu kukapulumutsa ana a eni.

Nditafika ndinapeza mzere wa ana ndi waufupi, mwina theka la amene amayenera kukhalapo. Alangizi a zaumoyo, bambo wochepa thupi wa chipewa, anali ataimika mtengo wawo woyezera pa khonde. Madamu a Sitandade 3, aphunzitsi a Yamikani, amene anachokera ku Dedza, ankayang'ana m'kaundula n'kumayang'ananso mzere, nkhope ili yodabwa. Panja pa bwalo panali amayi ambiri, ena agwira ana awo pamkono osafuna kuwasiya. Abiti Saidi analinso pomwepo, atabweretsa adzukulu awo.

Atandiona amake Joyi anakuwa, "Abwera! Abwera amene anafufuza aja!"

Anthu anandipatsa njira ngati mkwatibwi. Madamu anayandikira mwaulemu.

"Amake Yamikani, mwana wanu sanabwere. Ali bwino?"

"Ali bwino chifukwa sanabwere," ndinayankha mokweza. "Madamu, ife si mbuli. Masiku ano zinthu timaziona tokha. Mabokosi mwayamba kale kuyeza ndi mtengo umenewo?"

Alangizi anatsegula pakamwa kuti afotokoze kuti mtengowo umangowauza kuchuluka kwa mapiritsi oyenera msinkhu wa mwana, koma ine ndinali nditakweza kale foni m'mwamba, voliyumu mpaka kumapeto. Anthu anaunjikana, mitu pamwamba pa mitu.

Chimene sindimadziwa ndi chakuti bwalo la sukulu layang'anizana ndi nsanja ya mafoni ya ku phiri. Netiweki yake ndi yonenepa, si ya pa chulu ija.

Mwana woyamba khu. Amayi onse, "Mayo ine!" Wachiwiri khu. "Kalanga!" Mayi uja watulukira manja kumutu, wakoka ana ake. Ine ndinayamba kutsitsa mkono kuti ndiyambe ulaliki, poti ndimadziwa kuti apa m'pamene kagudumu kamabwera.

Kagudumu sikanabwere.

Mayi uja anapitiriza kukoka ana ake mpaka pa tebulo lina, n'kuwakankhira pansi pake, n'kuwaphimba ndi nsalu, matako ake akugwedezeka mwadala. Ndiye m'fonimo munamveka kuseka. Kuseka kwa anthu ambiri. Wojambula anatembenuka, ndipo tinaona khamu la ana ndi makolo atakhala pansi mozungulira, akuombera m'manja, ena akugwa chagada ndi phwete. Mwana woyamba kugwa uja anatsegula diso limodzi, n'kukanda mwendo pamene nyerere inamuluma.

Linali sewero. Sewero la pa sukulu.

Ndinafuna kuzimitsa, koma chala chinachita thukuta, foni sinamve. Abiti Saidi, amene paubwana wawo anakhalako ku Tanzania, anandigwira dzanja kuti lisatsike.

"Dikirani, mama, tiimve bwino. Ine Chiswahili ndimachimva." Anatchera khutu, kenako anatembenukira anthu, ndipo mawu awo ndi aja ozolowera kuitana ogula pa msika wa ku boma. "Akuti ana awa agwa chifukwa anamwa mankhwala m'mimba muli mbee, sanadye kanthu."

"Ooo," anatero anthu.

"Akuti onani tsopano ana a mayi wobisa uja." M'fonimo ana aja anatuluka pansi pa tebulo atalowetsa mapilo m'malaya, mimba zili tuu, akuyenda mopepesuka. "Akuti likodzo lawadya chifukwa mayi wawo anawabisa."

Bambo wa chovala choyera uja anabwera kutsogolo, analoza mayi uja ndi chala, n'kunena mawu ena aatali. Anthu a m'fonimo anaseka kwambiri. Abiti nawo anaseka mpaka kugwira bondo.

"Akuti chiyani, Abiti? Akuti chiyani?"

"Wallahi, sindinena."

"Nenani!"

"Akuti, makolo, musakhale ngati mayi uyu, amene wangomva ng'oma kulira n'kuyamba kulira maliro, pamene kuli ukwati."

Sindikudziwa ngati munaimapo pakati pa bwalo la sukulu, dzuwa la ku Mangochi lili pamutu, mkono uli m'mwamba, mukuonetsa anthu sewero lonena za inu nomwe. Ine ndinalakalaka mchenga utatseguka. Ana a pa mzere anayamba kuseka, amayi anaseka, alangizi anavula chipewa n'kubisamo nkhope, mapewa akugwedezeka. Amake Joyi okha ndi amene sanaseke. Anandiyang'ana ngati ndawagulitsa nsomba yoola.

Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, kumbuyo kwa khamu kunamveka kamawu kamene ndimakadziwa ngakhale pakati pa anthu chikwi.

"Amayi!"

Anali Tadala. Tsitsi lonse mamba a usipa waliwali, diresi lonyowa, ntchentche zikumuperekeza ngati mkwatibwi. Anthu anamupatsa njira, osati chifukwa cha ulemu.

"Amayi, ine ndatopa kubisala pansi pa thandala. Komanso Yami akuboola ndi chala n'kumadya usipa wa Abiti."

Abiti Saidi anasiya kuseka.

Zimene zinatsatira ndizidumpha, chifukwa zina zinanenedwa m'Chiyao chimene ndinachita ngati sindikuchimva. Yamikani anthu anakamutenga, anabwera milomo ili ndi mamba. Alangizi anawayang'ana ana onse awiri n'kufunsa ngati adya. Ndinayankha motsitsa kuti ayi. Anati usipa wakuba si chakudya, lero sawapatsa, koma abweranso mawa lake chifukwa cha ana onse amene sanabwere. Pa mawu akuti "onse amene sanabwere" sanandiyang'ane, ndipo kusandiyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa kutukwana kwa Abiti.

Anthu atabalalika, Madamu anandiitanira pansi pa mtengo. Ndinapita ngati mwana wokalandira chikwapu. Koma iwo anangoti, "Tandionetsani, munalemba chiyani m'fonimo?"

Ndinawaonetsa. Anawerenga, n'kumwetulira pang'ono.

"Amake Yamikani, apatu simunafunse. Munaiuza kale yankho. Chinthu ichi chili ngati mwana wotumidwa kumsika, mukati kagule tomato sabwera ndi anyezi. Mwati kupha, chakubweretserani chilichonse chimene chili ndi kupha. Taonani." Anafufuta, n'kulemba kuti mankhwala a likodzo ndi abwino kwambiri. Zinabwera zoyamikira zokhazokha. "Mwaona? Apanso wonama ndine. Tsopano tifunse ngati anthu osadziwa."

Analemba funso lopanda mbali: mankhwala a likodzo amachita chiyani m'thupi la mwana. Ndiye sanathamangire mutu woyamba ngati ine. Anatsegula nkhani imodzi, anandionetsa pamwamba pamene pamalembedwa mwini wake, n'kuti tione kaye, akulankhulayu ndani, ndi a chipatala kapena ndi munthu wongodzuka? Anayang'ana chaka chimene inalembedwa. Anatsegula ina ya anthu ena, ya dziko lina, kuti tione ngati zikugwirizana. Ina inali yoopseza kwambiri, koma titatsika mpaka pansi tinapeza mwini wake akugulitsa mabotolo a mankhwala akeake otsuka magazi. Madamu anangoti, "Uyu ali pa geni," n'kutseka.

Amandimasulira pang'onopang'ono, mawu aatali aja ndimawadumpha aja. Ndipo chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanandiuze kuti zonse zinali bodza. Zoti ana ena amachita chizungulire ndi zoona. Zoti ena amamva m'mimba kupota, ena amasanza, ena amagona tulo, ndi zoona, makamaka amene sanadye ndi amene likodzo lawakhazikika kwambiri, ndipo zimatha zokha. Mwana wa uje amene anamunyamula pa njinga uja sanali nthano. Koma za kuumitsa kubereka sitinazipeze kwa aliyense wodziwika dzina. Chimene tinapeza, m'malo angapo osiyana, n'chakuti likodzo lenilenilo, likakhalitsa, ndi limene limawononga chikhodzodzo, ndipo kwa ana aakazi limatha kudzavutitsa pa nkhani ya kubereka yomweyo.

Ndinamuyang'ana Tadala, amene anali potero akuchotsa mamba m'tsitsi. Kusabereka kumene ndimamuthawitsa ndi kumene ndinakamubisa nako pansi pa thandala.

"Nanga mayi wa voisi uja?" ndinafunsa.

"Munamumva dzina? Mudzi wake? Sukulu imene ana anagwa?" Ndinapukusa mutu. "Ine voisi yolira choncho ndinaimvako kwathu ku Dedza, kungoti kumeneko imanena za katemera. Munthu akayamba ndi kuti musafunse kuti ndine ndani, m'pamene muyenera kufunsa. Ndipo vidiyo, amake Yamikani," apa analephera kudzigwira, anaseka, "muziionera mpaka ithe."

Masana amenewo sindinapume. Mawu anga anali atalowa m'nyumba zambiri, ndipo voisi siibwezedwa ngati mbale yobwereka. Ndinasambitsa ana kawiri (fungo silinachoke), ndinakapepesa kwa Abiti nditagwada, kenako ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi onse a kwaya amene anasunga ana awo. Kwina amandilandira ndi phwete ndisanakhale n'komwe pansi. Ana amathamanga patsogolo panga akuimba kuti, "Andafufuza akubwera! Andafufuza akubwera!" Dzina limenelo landikakamira, ngakhale a kabaza pa siteji amandiitana nalo.

Kovuta kunali kwa amake Joyi. Sanandipatse ndi mkeka womwe.

"Dzana munafufuza, munati asamwe. Lero mwafufuzanso, mukuti amwe. Mawa mudzabwera ndi ziti? Mwana wanga ndi mmodzi yekha, amake Yami. Ndilibe wina woyesera."

Anali kunena zoona. Ndinangoti, "Musandikhulupirire ine, ndaonetsa kale kuti mutu wanga ndi wotani. Tiyeni kwa alangizi mukawafunse nokha zonse zimene mukuopa, ine ndikuperekezani. Koma mawa ana anga akhala oyamba pa mzere. Mukaime pafupi muone."

Anati aganiza. Sananditsanzike.

M'mawa wa Lachisanu ndinakoleza moto ngati kuli chinkhoswe. Phala lolimba la nsinjiro, mbatata yophika, nthochi. Ndinawadyetsa ana mpaka Yamikani anati, "Amayi, ndikaphulika." Ndinati phulika, koma umalize mbatatayo. Bambo awo ankayang'ana ali pa mpando, n'kunena kuti, "Dzulo kusala, lero phwando. Chipembedzo chanu ndi chiti, amake Yami?" Ndinangowauza kuti nawonso, a ndevu zawo zomera ndi magazi, tsiku lina ndidzawakokera ku chipatala.

Tinali oyamba pa mzere monga ndinalonjezera. Pamene Yamikani anaima pa mtengo uja, ndisaname, mawu a bokosi aja anabweranso. Anameza, ndinamutsegula kukamwa kuti ndione ngati sanabise pansi pa lilime. Tadala naye chimodzimodzi. Nditatembenuka ndinaona amake Joyi ataima patali, Joyi ali kumbuyo kwawo atagwira chitenje. Anadikira nthawi yaitali, akuyang'ana ana anga ngati mphika woti uwire. Ataona kuti sakugwa, anamukankhira Joyi pa mzere. Mpaka pano amandiyankha moni mwachidule, ndipo ku kwaya anasamukira mbali ina.

Kunyumba ndinayala mkeka pansi pa mango, ndinawagoneka onse awiri, ine n'kukhala pakati ngati nkhuku ya anapiye. Tadala sanamve kalikonse, amangopempha kuti akasewere. Yamikani anati mutu ukuzungulira, m'mimba mukupota, kenako anagona. Ndimadziwa kuti zimenezi zinalembedwa, Madamu anandiwerengera, koma kudziwa ndi kwina, mtima wa mayi ndi kwina. Ndimamuyika chala pamphuno. Ndimamugwedeza. "Yami, uli moyo?" "Eee, amayi." Pakapita kanthawi, "Yami?" "Amayi, ndisiyeni ndigone!"

Ndivomerenso china. Ali m'tulo choncho ndinamusiyira bambo ake, ndinathamangira pa chulu, ndipo chala changa chinali chitalemba kale kuti mwana, kugona, mankhwala, kufa. Ndinaliyang'ana liwu lomalizalo nthawi yaitali. Ndinalifufuta. Ndinalemba funso lopanda mbali monga anandiphunzitsira Madamu, ndinatsegula nkhani ziwiri, ndinaziwerenga mpaka pansi ndi mawu aatali omwe, theka sindinamve. Nditabwerera ndinamupeza atadzuka, akupempha mbatata yotsala.

Masiku ano madzi osamba ana ndimakatunga ku mjigo, ngakhale ndi kutali ndipo mzere wake ndi wa tsiku lonse. Ku mabango a m'mbali mwa nyanja, kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndinawaletsa, ngakhale ndikudziwa kuti ndikangotembenuka amakhala ali m'madzi mpaka m'khosi, poti mwana wa kunyanja sungamumange mwendo. Ndiye mankhwala akadzabweranso adzamwanso, atadya. Kabudula aliyense ndikamachapa ndimamuyang'anitsa pa dzuwa, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kadontho kaja sikanabwerenso.

Koma kuona kabudula yekha sikundikwanira, poti ndinaphunzira kuti chinthu uzichionera mpaka kumapeto. Dzulo lomweli Yamikani anazemba kupita kuseri kwa nyumba, ine pambuyo pake nyang'anyang'a.

"Amayi! Mwayambanso? Nkhuku tilibe!"

"Ndikudziwa, mwanawe. Iwe pitiriza, ndichoka ukamaliza."